Tinawabisira azakhali matenda awo

Azakhali anga, achemwali awo a bambo, anamwalira ndi khansa ya khomo la chiberekero zaka zinayi zapitazo, koma mpaka tsiku lomaliza sanamve mawu oti khansa kuchokera pakamwa pa aliyense wa ife. Bambo ankadziwa, mayi ankadziwa, ana awo akuluakulu awiri ankadziwa, ngakhale akuluampingo amene ankabwera kudzawapempherera ankadziwa. Amene sankadziwa anali mwini thupi.

Anataya magazi kwa miyezi ingapo, chonsecho anali atasiya kale kusamba. Kuchipatala chaching'ono chakwathu anawatumiza kuchipatala chachikulu, komwe anawadula kachidutswa ka mnofu n'kukatumiza kokayeza. Tsiku lokamva zotsatira, namwino anawakodola bambo n'kutuluka nawo pakhonde. Bambo ndiwo mwinimbumba, ndiye palibe amene anaona chachilendo. Anauzidwa kuti ndi khansa, ndipo yafalikira moti opaleshoni siingathandize. Bambo anapempha chinthu chimodzi: "Chonde anesi, musawauze. Achemwali angawa sachedwa kutaya mtima. Akangomva, tiwataya mawa lomwe." Namwino uja anavomera. Azakhali anauzidwa kuti ali ndi chilonda m'mimba, anapatsidwa mankhwala opha ululu, n'kuuzidwa kuti akapume kunyumba.

Gawo langa linabwera patatha milungu iwiri. Ndinali nditangolemba mayeso a Fomu 4. Tinakhala pamkeka kuseri kwa nyumba tikutongola chimanga, iwo n'kutulutsa buku lawo lakuchipatala m'kajumbo momwe ankalisungamo. "Iwe wasukulu, tandiwerengera. Alembamo chiyani anthuwa?" Ndinatsegula. Ndinaona zilembo ziwiri, Ca, ndi mawu ena otsatira, ndipo ndinkadziwa tanthauzo lake chifukwa bambo anali atatiuza kale. Ndinati, "Aa, azakhali, zolemba za madokotala angaziwerenge ndani? Pangokhala ngati papalasa nkhuku." Anaseka, inenso ndinaseka. Kenako anandiyang'ana nthawi yaitali ndithu, n'kulandira bukulo n'kulibwezera m'jumbo muja. Sanandifunsenso.

Pano ndili m'chaka chachitatu cha maphunziro aunamwino, ndipo ndafika potsimikiza kuti tinalakwa. Tinalakwa tonse, banja ndi namwino yemwe, ngakhale kuti aliyense anachita zimenezi ndi mtima wabwino.

Munthu ukamuuza kuti ali ndi chilonda, amadikira kuti chipole. Chikapanda kupola amayamba kufunafuna chifukwa, ndipo kwathu kuno ofotokoza chifukwa sasowa. Azakhali anagulitsa mbuzi zitatu, ndalama zonse n'kuthera kwa asing'anga awiri. Wachiwiriyo anawauza kuti awalodza ndi mayi wina woyandikana naye nyumba amene anakanganapo naye za malire a munda. Mayi ameneyo anali mnzawo wa zaka zambiri, yemwe bwenzi akuwatungira madzi ndi kuwachapira zitenje m'miyezi yovuta ija. Anamuletsa kuponda pabwalo. Ndalama za mbuzi zija bwenzi zitalipira fizi ya mwana wawo wotsiriza, amene anali Fomu 2. Za munda sananenepo kalikonse, poti munthu amene akuyembekeza kuchira sagawa minda, ndipo maliro atangotha milandu inayamba. Ife tinkati tikuwateteza ku nkhawa. Nkhawayo anali nayobe, kungoti anaisenza okha, usiku, popanda woti akambirane naye.

Ndikakamba zimenezi ndi anzanga kuhositelo, yankho limene limabwera msanga ndi loti kuuza wodwala chilungamo chonse ndi zachizungu, ife chikhalidwe chathu n'china. Ndinkaganiza chimodzimodzi mpaka nditawerenga mbiri yake. Mu 1961 dokotala wina wa ku America, Donald Oken, anafunsa madokotala anzake za nkhaniyi, ndipo pafupifupi 90 pa 100 alionse anati sakonda kuuza wodwala kuti ali ndi khansa. Mu 1979 Dennis Novack ndi anzake anabwereza mafunso omwewo, ndipo ulendo uno 97 pa 100 alionse anati amawauza. Zaka 18 zokha. Azunguwo nawonso ankabisa, ndipo zifukwa zawo zinali zomwezi za bambo anga: ataya mtima, afa msanga. Kubisa kumabwera ndi mantha, ndipo mantha amakula pamene wouzayo akuona kuti alibe choti apereke akamaliza kuyankhula.

Komanso ife tomwe tinaphunzira kale kuuza anthu nkhani zolemera. Kumbukirani mmene dzina la edzi linkaopedwera, mpaka tinkangoti matenda a boma kapena kaliwondewonde. Lero aphungu a m'zipatala zathu amakhala pansi ndi munthu m'kachipinda, kumukonzekeretsa, kumuuza zotsatira za magazi ake iye mwini, n'kumufunsa kuti afuna auze ndani. Palibe mphungu amene angakodole malume a munthu n'kuwanong'oneza pakhonde kuti mphwanuyu ali ndi HIV, musamuuze. Zikanakhala choncho, ma ARV amene boma linayamba kupereka mwaulere mu 2004 bwenzi anthu akumwa bwanji moyo wawo wonse osadziwa chomwe akumwera? Nanga khansa yasiyana pati?

Nkhaniyi ikukhudza anamwino kwambiri kuposa mmene timavomerezera. N'zoona kuti wonena za matenda amene apezeka amakhala dokotala kapena kiliniko ofesala. Koma taonani mmene zimakhalira m'wodi. Madokotala amazungulira m'mawa, amaima pabedi mphindi zochepa, amakambirana m'Chingerezi, n'kupita pabedi lotsatira. Wodwala amangoona milomo ikugwedezeka. Akachoka, amatembenukira kwa namwino: "Akuti chiyani adokotala?" Ndipo funso lenileni silibwera masana. Limabwera cha m'ma 2 koloko usiku, namwino akusintha diripi, wodikirira atagona pansi pa bedi: "Anesi, kodi ine ndichira?" Nthawi imeneyo palibe dokotala woti umuponyere funsolo. Ambiri aife timathawira ku mawu amene tinawazolowera, oti musadandaule mayi, zonse zikhala bwino. Ndawanenapo inenso mawu amenewa, ndipo ndinamva mkamwa kuwawa chimodzimodzi tsiku la buku lija.

M'kalasi timaphunzira njira yotchedwa SPIKES, imene Walter Baile, Robert Buckman ndi anzawo anaifalitsa m'chaka cha 2000. Ili ndi masitepe asanu ndi limodzi: kukonza malo, kumva zimene wodwala akudziwa kale, kumufunsa kuti akufuna kudziwa zochuluka bwanji, kumuuza, kulandira mmene wamvera mumtima, ndi kupanga naye dongosolo la zotsatira. Timaloweza, timakhoza mayeso. Vuto langa ndi loti timaiphunzira m'Chingerezi, timayeserera m'Chingerezi, koma tikalowa m'wodi wodwala ndi agogo a ku Ntcheu kapena a ku Mangochi. Chiganizo chimene chimamveka chaulemu m'Chingerezi ukachitembenuza liwu ndi liwu chimatuluka chouma ngati chilengezo cha pawailesi. Palibe tsiku limene tinakhalapo pansi monga kalasi n'kufunsana kuti kodi mawu oti khansa yafalikira ndipo siichira timawanena bwanji m'Chichewa, m'Chitumbuka kapena m'Chiyao, kwa munthu wamkulu woti akhoza kukubereka. Aliyense amakadzipezera yekha mawu pabedi la wodwala, ndipo wodwala woyambayo ndi amene timaphunzirirapo.

Chonsecho luso lake tili nalo kale kumudzi. Wobweretsa uthenga wa maliro safuula ali kumsewu. Amafika, amapatsidwa mpando, amalonjerana ndi eni khomo, amafunsa ngati akuluakulu alipo. Amayamba ndi kunena kuti kumene ndachokera sikuli bwino, odwala aja matenda anakula usiku. Amapuma kaye, kuti omverawo mitima iyambe kukonzeka. Kenako amanena. Amafika pang'onopang'ono, koma amafika. Sabwerera kwawo uthenga uli m'thumba poopa kuti anthu alira. Ife m'chipatala tatengako kuzungulirako, kufikako n'kukusiya.

Ndinaonapo namwino wina wachikulire akuchita zimenezi bwino, ndipo sindidzaiwala. Munali mayi wa zaka za m'ma 50, khansa yakummero, sankathanso kumeza nsima. Ana awo anali atapempha kale kuti mayi asauzidwe. Namwinoyo sanakangane nawo. Anawatengera ana aja pambali n'kuwafunsa chimene akuopa kwenikweni. Wamkulu anati akuopa kuti mayi asiya kudya. Wamng'ono anangolira. Namwino anati, "Ndamva. Sindiwakakamiza kumva chimene sakufuna kumva. Koma akandifunsa sindinama. Mundilole ndikawafunse zimene iwo akuganiza, inu muli pomwepo." Anavomera monyinyirika.

M'wodimo munalibe chipinda chapadera, mabedi ali mothithikana. Anakoka katani, anabwereka mpando n'kukhala pansi, kuti maso ake alingane ndi a wodwala. Kukhala pansiko ndi nkhani yaikulu: munthu woimirira amaoneka kuti ali paulendo, ndipo palibe amene amafunsa funso lolemera kwa munthu wapaulendo. Anawalonjera, anafunsa za kumudzi, kenako anati, "Mayi, mwakhala nafe masiku tsopano. Inu mukuona kuti vuto ndi chiyani?" Mayi aja anakhala chete, n'kuyang'ana ana awo, n'kunena motsitsa: "Ine ndikudziwa kuti ndi matenda aakulu aja. Koma anawa musawauze, sangapirire." Mbali zonse ziwiri zinkabisirana chinthu chimodzi. Analira onse atatu, namwino ali chete, dzanja lake lili pamkono wa wodwala. Sanafulumire kuwatonthoza. Ine amene ndinaima kumapazi a bedi ndinkafuna kunena chinachake, chilichonse, kuti chete uja athe. Pambuyo pake anandiuza kuti chete ameneyo si wanga woti ndimuthetse.

Pa zonse zimene ndinaona tsiku limenelo, chachikulu kwa ine ndi kufunsa usananene. Funso loti mwauzidwa zotani, kapena mukuganiza kuti chikuchitika n'chiyani, limakuonetsa pamene munthu waima. Wina amakhala akudziwa kale, akungosowa womutsimikizira. Wina akuganiza kuti ndi zilonda za m'mimba. Wina akukhulupirira kuti anamuponda. Onsewa sungawayambire malo amodzi. Ndipo pali funso lachiwiri limene ndikuona kuti ndi pomwe chikhalidwe chathu chimakumana bwino ndi ufulu wa wodwala: "Zotsatira zabwera. Mukufuna tikambirane ndi inu nokha, kapena pakhale wina? Ndani?" Wodwala akati itanani achimwene anga, aitanidwe. Akati uzani mwana wanga wamkulu, ine sindifuna kumva zambiri, chimenecho ndi chisankho chake ndipo chilemekezedwe. Alipo anthu amene safunadi kudziwa, ndipo kuwakhuthulira zonse mokakamiza ndi nkhanza inanso. Ine sindikuti banja lichotsedwe. Kuno wodwala amadyetsedwa, kusambitsidwa ndi kutembenuzidwa ndi abale ake, m'chipatala momwemo. Ndikungoti wosankha akhale mwini matenda, osati amene wapezeka pakhonde.

Tisaiwalenso kuti si wachibale aliyense amene nkhaniyi ili pabwino m'manja mwake. Alipo amuna amene akamva kuti mkazi ali ndi khansa ya khomo la chiberekero amayamba kusowa pakhomo. Alipo achibale amene amayamba kuwerengera katundu munthu ali moyo. Namwino amene wakumana ndi banja kwa mphindi zisanu sangadziwe kuti wabwino ndi uti. Mwiniwake amawadziwa anthu ake.

Ikafika nthawi yonena, mawuwo anenedwe. Chotupa, chilonda, kachinthu kena m'mimba, onsewa ndi mawu othawira. Chotupa chimatha kukhala chithupsa. Liwu ndi khansa, ndipo linenedwe kamodzi momveka, pambuyo pochenjeza kuti nkhani siili bwino monga tinkayembekezera. Ukatero uime. Munthu akangomva liwu limeneli makutu amatseka, ndipo zonse zimene unganene m'mphindi zotsatirazo zimangodutsa. N'chifukwa chake nkhaniyi siitha tsiku limodzi. Umabweranso mawa n'kufunsa kuti dzulo munamva zotani, ndipo nthawi zambiri umapeza kuti uyenera kuyambiranso. Apa namwino ali ndi mwayi umene dokotala alibe, chifukwa mawa lakelo amakhala ali pomwepo.

Chiganizo chimene ndikufuna chitatheratu m'zipatala zathu ndi chakuti palibe chimene tingachite. Choyamba, si khansa iliyonse imene ili chigamulo cha imfa. Khansa ya khomo la chiberekero ikapezeka msanga imachotsedwa ndi opaleshoni. Ana ambiri odwala Burkitt lymphoma, khansa ija imatupitsa nsagwada kapena mimba, amachira ndi mankhwala. Kaposi sarcoma, imene imatuluka pakhungu makamaka kwa anthu amene ali ndi HIV, imagonja kwa ambiri akamamwa ma ARV pamodzi ndi kulandira mankhwala a khansa. Koma mankhwala amenewa amasanzitsa, amafooketsa, ena amathothola tsitsi. Munthu amene sanauzidwe chimene akulimbana nacho adzaona ngati chipatala chikumuwonjezera matenda, ndipo ulendo wachitatu sadzabweranso.

Chachiwiri, ngakhale pamene kuchira kulibe, chochita chilipo chambiri. Cicely Saunders, amene anayamba ngati namwino asanakhale dokotala ndipo anatsegula St Christopher's Hospice ku London mu 1967, ankaphunzitsa kuti ululu wa munthu amene ali kumapeto si wa m'thupi mokha. Umakhalanso m'maganizo, m'banja ndi mumzimu. Anne Merriman atayambitsa Hospice Africa Uganda mu 1993 anaonetsa kuti mofini wamadzi, wakumwa, wotsika mtengo, angathe kuperekedwa kwa odwala ali kumudzi kwawo. Kuno kwathu kuli Tiyanjane ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, kuli Ndi Moyo ku Salima imene anayambitsa namwino Lucy Finch, ndipo zipatala za m'maboma zili ndi makiliniki a chisamaliro chotere. Ululu umachepetsedwa. Fungo la bala, limene limachititsa amayi ambiri kudzitsekera m'nyumba ndi manyazi, limachepa ndi mankhwala wamba a metronidazole. Namwino amene akudziwa zimenezi sapita kwa wodwala chimanjamanja. Akhoza kunena kuti matendawa sitingawachotse, koma ululu tithana nawo, ndipo sitikusiyani. Ndikukhulupirira kuti namwino amene anayankhula ndi bambo anga pakhonde akanakhala ndi chiganizo chimenechi pakamwa, sakanavomera msanga kubisa.

Mafunso awiri amandivutabe. Wodwala akati ndatsala ndi masiku angati, palibe amene akudziwa nambala, ndipo wotchula nambala akunama. Chimene ndaona akuluakulu akuchita ndi kufunsa kaye chifukwa chimene wafunsira, chifukwa kawirikawiri kuseri kwa funsolo kumakhala ukwati wa mwana, kapena mwana amene ali ku Joni woti aitanidwe. Kenako amanena mosabisa kuti tikuyang'ana miyezi, osati zaka, kapena milungu, osati miyezi, ndipo ngati pali woti abwere, abwere tsopano. Funso linalo ndi la chikhulupiriro. Wodwala akati Mulungu andichiritsa, si ntchito ya namwino kutsutsa. Munthu akhoza kupemphera kuti achire uku akukonza za ana ake, monga mlimi amapempherera mvula uku akusunga chimanga m'nkhokwe. Zimene sindingavomereze ndi namwino kugwiritsa ntchito dzina la Mulungu ngati khomo lothawira, kunena kuti zisiyeni m'manja mwa Ambuye n'cholinga choti asayankhe chimene wafunsidwa.

Ndikudziwa chimene anzanga amene ali kale pantchito anganene: nthawi yake ili kuti? Usiku umapezeka wekha kapena awiri m'wodi yodzaza mpaka ena agona pansi. Sindikutsutsa, ndagwirapo usiku woterowo. Koma kukambirana kwa mayi a khansa yakummero kuja sikunapitirire mphindi 15. Kubisa nakonso kumadya nthawi, kungoti imadyeka pang'onopang'ono: kuzemba bedi lina pozungulira, kunong'onezana ndi achibale pakhonde, wodwala kubwerera kuchipatala kachitatu ndi kachinayi kudzafunsa chifukwa chimene chilonda chake sichikupola. Chimene chimasowa kwenikweni ndi mphamvu za mumtima. Kuuza munthu nkhani yotere kumakusiya wofooka, ndipo ukatuluka kuseri kwa katani palibe amene amakufunsa kuti uli bwanji. Umapukuta m'maso m'kachipinda ka mankhwala n'kupitiriza kugawa mapiritsi.

Malawi ndi limodzi mwa mayiko amene khansa ya khomo la chiberekero ili yochuluka kwambiri padziko lonse. Chaka chilichonse amayi opitirira 4,000 amapezeka nayo ndipo pafupifupi 3,000 amamwalira. Imayamba ndi kachilombo ka HPV, kamene katemera wake anayamba kuperekedwa kwa atsikana m'dziko lonse mu 2019, ndipo kuyeza kwake kumachitika m'zipatala zambiri, nthawi zambiri ndi anamwino omwe. Mayi amene akudziwa dzina la matenda ake amauza ana ake aakazi ndi azinzake a kumpingo kuti pitani mukayezetse. Azakhali anga anali munthu womveka m'mudzi, wotsogolera nyimbo pamaliro ndi pazinkhoswe. Akanati anene, amayi ambiri akanapita. M'malo mwake m'mudzimo mpaka lero nkhani imene ilipo ndi yoti anawalodza chifukwa cha munda.

Patchuthi chapitachi ndinawafunsa bambo ngati amaganizapo za tsiku lija. Anakhala kaye chete, kenako anati iwo anachita zimene mlongo amayenera kuchita, ndipo atapatsidwanso mwayi akhoza kuchita chimodzimodzi. Sindinalimbane nawo. Koma anawonjezera chinthu chimene sindinkachidziwa. Kutatsala masiku ochepa, azakhali anawaitana n'kuwauza kuti, "Achimwene, inu mukudziwa chimene chikundidya. Palibe kanthu." Bambo akuti anangoyang'ana pansi. Ndinawafunsa kuti anayankha chiyani. Anati anawafunsa ngati angamwe phala.